Mawu a zilembo 29 otanthauza zopanda pake

Ndapsa mtima lero, ndinene. Pa gulu lathu la WhatsApp timakambirana zosonkherana ndalama zokonzera mjigo wa kumudzi womwe unafa chaka chatha. Ine ndapereka maganizo anga bwinobwino. Ndiye abambo ena, amene sanaponyepo ngakhale kobiri, andiyankha ndi liwu limodzi lokha: floccinaucinihilipilification. Kenaka tinkhope toseka titatu.

Ndalifufuza liwulo. Mukudziwa tanthauzo lake? Kuchiyesa chinthu chopanda pake. Basi! Zilembo 29 zonsezo kungofuna kunena kuti "zachabechabe".

Ndipo liwulo palokha ndi lachabechabe. Analisoka pophatikiza timawu tinayi ta Chilatini: flocci, kanyenyeswa ka ubweya wa nkhosa, nauci, kanthu kosanunkha kanthu, nihili, kupanda kanthu, pili, katsitsi kamodzi. Tonse tinayi tikunena chinthu chimodzimodzi. Timawuti tinali pamzere umodzi m'buku la malamulo a chiyankhulo cha Chilatini limene ana ankaloweza pa sukulu ya Eton ku England, ndiye wina anangotilumikiza mocheza. Linayamba kuoneka m'kalata ya wolemba ndakatulo William Shenstone mu 1741. Nthabwala ya ana asukulu imeneyo! Jacob Rees-Mogg, wandale wa ku Britain yemwenso anaphunzira ku Eton komweko, analitchula m'nyumba ya malamulo ku London mu 2012, koma iye uja ankadziwa kuti akuseweretsa mawu.

Koma abambo athuwa ayi ndithu, alitenga ngati digiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Liwu lalitali ngati njanji, m'kati mulibe kanthu. Kupanda kanthu kuwirikiza kanayi, kuvekedwa suti ndi tayi. Kaya ndi sukulu inatiphunzitsa kuti wodziwa Chingerezi chovuta ndiye wanzeru, kaya n'chiyani, izo n'zawo.

Bambo, ngati maganizo anga ndi opanda pake, nenani m'Chichewa kuti ndi opanda pake, tikangane ngati anthu. Tili nawo mawu athu: zachabe, zopanda mutu, mbwerera. Afupi, ndipo amabaya. Mayi anga akuwamva. Lanulo ngakhale inuyo simungalitchule pakamwa osaluma lilime, mwachita kukopera pa intaneti.

Ndipo n'chifukwa chiyani anthu osasonkha ndi amene amalongolola kwambiri pa magulu amenewa? Mndandanda wa osonkha watuluka katatu, dzina lanu silinaonekepo. Azimayi akutunga madzi kudambo mpaka lero.