Maganizo anga: sola wafika padenga, tsopano atsikire kudimba

Abale anga a ku Zomba ndi ena nonse amene muwerenge izi, lero ndikufuna tikambirane za magetsi a dzuwa. Ukangotchula sola, ambiri a ife timaganiza za kababu kamodzi pabalaza ndi potchajira foni, basi nkhani yathera pomwepo. Ine ndikuti chimenecho ndi chiyambi chabe, ndipo tikakhutira nacho tidzakhala titadzimana tokha.

Sindikunyoza kababuko ayi. Kwerani galimoto yopita ku Jali kapena ku Kachulu, maso akhale pamadenga. Muona timapanelo tating'ono pa nyumba za malata ngakhalenso zaudzu, tina atatimangirira ndi waya kuopa mphepo ndi akuba. Pa Songani, pa Thondwe, pa Mayaka, mnyamata wometa tsitsi makina ake akulira ndi batire limene wadzaza ndi dzuwa, ndipo pambali pake mafoni a anthu andandalikana patebulo kudikira moto. Zimenezi sizinabwere ndi pulojekiti yaikulu. Anthu anagula okha, wina atagulitsa nandolo, wina atagawana ndalama za banki mkhonde, wina akulipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba mpaka ngongole itatha. Kalembera wa 2018, wochitidwa ndi ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya NSO imene likulu lake lili mom'muno mu Zomba, anaonetsa kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi a pamzere, pomwe zoposa theka zinkadalira tochi wa mabatire. Ndiye mayi amene wasiya kugula mabatire sabata ndi sabata, mwana wa Sitandade 8 amene akuwerenga usiku popanda utsi wa koloboyi m'maso, amenewo apindula zenizeni. Amene tinakulira pa koloboyi tikudziwa mmene mphuno zinkadera mkati m'mawa.

Ngakhale ife a m'tauni, a ku Matawale, Chinamwali ndi Sadzi amene tili ndi mita pakhoma, dzuwa latithandiza kale, kungoti ambiri sitidziwa. Magetsi ochuluka a dziko lino amachokera mumtsinje umodzi wokha, Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi akatsika m'nyanja ya Malawi, monga zinachitikira cha m'ma 2017, mdima umagwa dziko lonse. Namasupuni ndi matope zikadzadza kumakina, chimodzimodzi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo usiku umodzi wokha tinataya mamegawati pafupifupi 130, kukonza kwake n'kutenga nthawi yoposa chaka. Amene anali ndi butchala, chigayo, saluni kapena malo owotcherera zitsulo akukumbukira mmene bizinesi inalowera pansi. Mwamwayi, mu 2021 malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, anali atayamba kale kugwira ntchito. Mu 2022 a ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20, anatsegulidwa, ndipo amenewa ali ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Kenako kunabweranso a ku Nkhotakota, a mamegawati 21. Mukaphatikiza muona kuti ndi mamegawati pafupifupi 100 amene zaka zochepa zapitazo kunalibe. Pakanapanda a ku Salima ndi a ku Golomoti, masana a 2022 akanakhala owawa kuposa mmene tinaonera.

Koma mtima wanga uli kudimba. Ife kuno timalima kamodzi pachaka, kenako kuyambira Meyi mpaka Novembala minda imangokhala mbee, pomwe ina mwa miyezi imeneyo ndi imene dzuwa limaswa mtengo. Ndinaimapo padimba lina chakumunsi kwa mtsinje wa Likangala mwezi wa Okutobala, n'kuona mayi wina akutsika ndi kukwera m'chitsime ndi makeni awiri, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kufika paliwombo, thukuta lili kamukamu. Atathirira mizere yomaliza ya tomato, yoyamba ija inali itauma kale. Chapafupi pomwepo gulu la alimi linali ndi pampu ya sola: mapanelo angapo pachitsulo, paipi yakuda ikukwera m'thanki, madzi akutsika okha m'mizere ya chimanga chachiwisi, anyezi ndi mpiru. Nthaka ndi yomweyo, dzuwa ndi lomwelo, koma wina akukolola kadengu, anzake akuitanitsa galimoto.

Chimene chimandisangalatsa pa pampu ya sola n'chakuti siifuna batire. Batire ndiye gawo lodula ndiponso loyamba kufa pa sola aliyense. Pampu imakoka madzi dzuwa likamawala, madziwo n'kukhala m'thanki pamwamba, ndipo mlimi amathirira madzulo kapena m'mawa mmene wafunira. Tsiku limene kwatentha kwambiri, pamene mbewu zikufuna madzi ambiri, ndi tsiku lomwelonso limene pampu imakoka kwambiri. Yerekezani ndi injini ya petulo, imene mlimi amayamba wakaima pamzere kufilingi siteshoni ndi chigubu, mwina n'kubwerera chimanjamanja, mbewu zikufota kumunda. Mafuta timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene zikusowa kale. Panelo nayo imachokera kunja, inde, koma umagula kamodzi ndipo yabwino imatha zaka makumi awiri ikugwirabe ntchito.

Boma la Zomba lili ndi madzi. Mitsinje ya Likangala, Domasi, Mulunguzi, Thondwe ndi Songani imatsika kupita kuchigwa cha Chilwa, ndipo m'madambo ambiri madzi apansi sali patali. Masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi anatiphunzitsa kalekale kuti anthu a kuno ulimi wamthirira amautha. Komabe pano ndiyenera kuchenjeza. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaphwapo mu 1995, n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018. Aliyense akangoponya pampu mumtsinje n'kumakoka mmene akufunira poti dzuwa salipira, a kumunsi adzalira, asodzi a ku Kachulu ndi ku Chisi adzalira. N'chifukwa chake ndimakonda pampu ya gulu kusiyana ndi ya munthu payekha: gulu limagawana masiku othirira, limasonkha ndalama yokonzera zikaonongeka, ndipo mfumu ndi alangizi a zaulimi amakhala ndi poyambira pokambirana za madzi.

Kunyanja komweko amayi ena anaphunzira kuyanika matemba m'matenti a pulasitiki otenthedwa ndi dzuwa, m'malo moyanika pamchenga pomwe ntchentche ndi fumbi zimachita nawo zofuna zake. Mulibe waya kapena panelo mmenemo, koma ndi mphamvu ya dzuwa yomweyo. M'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, filiji ya sola imasunga katemera, ndipo namwino wothandiza mayi pobereka usiku safunikanso kuluma foni pakamwa kuti aunikire. Mjigo wa pasukulu ukaikidwa pampu ndi thanki, atsikana sachedwanso m'kalasi chifukwa chopukusa madzi.

Tsono chimene chikundiwawa ndi katundu wachinyengo. Mlamu wanga anagula panelo pamsika wina, kumbuyo atalemba mawati ambirimbiri, wogulitsa n'kumulonjeza kuti ayatsa wailesi yakanema mpaka pakati pa usiku. Anamupatsanso batire la galimoto, popanda kontolola yoteteza kuti lisadzadze mopyola kapena kutheratu. Isanathe nyengo ya dzinja batire linatupa, mababu akungoti phethiphethi. Lero mukamuuza za sola amangopukusa mutu, ndipo anansi ake onse anamva kuti sola ndi bodza. Munthu mmodzi akapusitsidwa, mudzi wonse umabwerera kumakandulo. A bungwe loona za miyezo la MBS ndi a bungwe loona za magetsi ndi mafuta la MERA ali ndi mphamvu pankhaniyi, ndipo ndikupempha kuti aziyendera misika ya kumaboma kuno, osati ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha. Boma linachita bwino kuchotsa misonkho ina pa katundu wa sola, koma khomo lomwelo likulowetsanso zinyalala.

Inunso ogula, funsani risiti ndi chitsimikizo cholembedwa choti katundu akafa msanga adzakusinthirani. Batire la galimoto linapangidwa kuti lilize injini kamphindi kochepa, silinapangidwe kuti liziyatsa nyumba usiku wonse. Panelo iyang'ane kumpoto, popeza ife tili kumwera kwa dziko lapansi ndipo miyezi yambiri dzuwa limadzera mbali imeneyo, ipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka. Nthambi ya mango ikangophimba kangodya kamodzi, mphamvu imatsika kwambiri. Mwezi wa Seputembala ndi Okutobala fumbi limakhala lambiri, pukutani ndi kansalu konyowa m'mawa kusanatenthe. Ndipo tisanamizane: kuno ku Zomba chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi, phiri n'kubisika mumtambo masiku angapo, sola amafooka. Wokuikirani woona mtima adzakuuzani zimenezi asanalandire ndalama yanu, ndipo adzakuwerengerani zimene mungayatse ndi zimene simungayatse.

Apa palinso ntchito ya achinyamata athu. Ambiri akungokhala pa siteji ndi njinga za kabaza kulimbirana wokwera mmodzi, pomwe midzi yonse ikusowa munthu wodziwa kulumikiza panelo, kuyeza batire ndi kukonza pampu. Pampu ikafa lero, gulu limadikira munthu wochokera kutali, tomato akupserera. Maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA afike kwa anyamata ndi atsikana a m'madera momwemo, kuti wokonza akhale wa pamudzi, woti ukamuimbira m'mawa masana wafika.

Wina afunsa za makala, poti phiri lathu la Zomba ndi nkhalango ya Malosa zikumetedwa tikuona. Kapanelo ka padenga sikaphika nsima, zimenezo tivomereze. Mbaula yamagetsi imafuna mphamvu yochuluka kuposa imene banja wamba lingakwanitse kugula pakali pano. Koma ambiri otentha makala sachita zimenezo chifukwa chodana ndi mitengo. Amatentha chifukwa chilimwe chonse alibe china chogulitsa. Bambo amene ali ndi dimba lobiriwira mu Ogasiti, amene akudziwa kuti Loweruka atengera kabichi ndi chimanga chachiwisi kumsika wa Zomba, sangasankhe kukankha njinga ya matumba a makala usiku kutsika phiri, akuthawa alonda a nkhalango. Mitengo ya kumtunda ikatsala, damu la Mulunguzi limene timamwa tonse m'tauni muno lidzasunganso madzi bwino.

Choncho kwa makhansala ndi aphungu athu, pamene mukukhala pansi kugawa ndalama za chitukuko cha m'madera, ikanimo pampu za sola ndi mathanki za magulu a alimi amene ali kale ndi madimba ndi komiti yoyenda bwino, ndipo patulani ndalama yophunzitsira wokonza wa m'dera lomwelo pampu isanaikidwe. Amipingo ndi mabungwe amene mumagawa nyali za sola, zikomo kwambiri, pitirizani, koma chaka chino funsaninso mudziwo ngati uli ndi dambo. Ndipo inu a banki mkhonde amene mugawane ndalama mu Disembala, kambiranani ngati magulu awiri kapena atatu sangaphatikize zawo n'kugula pampu imodzi chilimwe chisanafike.