Galu si mlendo wa pa tiyi, lekani kumuphikira keke yanu

Mayi wina waika chithunzi cha keke ya chokoleti, pamwamba wawaza mphesa zouma, ati ndi ya tsiku lobadwa la galu wake. Anthu ali kalikiliki kumuyamikira. Ine zandinyansa. Imeneyo si keke, ndi tameki wopaka shuga.

Chimene mumadya inu si chimene galu angadye. Mimba yake si yanu, chiwindi chake si chanu, impso zake si zanu. Kaya mumamutcha mwana, kaya amagona pa sofa, ndi galu basi. Ambiri amangotengera zoona pa foni. Safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo ndi galu, mwini wake ali phee kujambula.

Mu chokoleti muli theobromine, poizoni kwa galu, ndipo thupi lake limachedwa kwambiri kuichotsa. Amasanza, mtima umathamanga, amanjenjemera, ena amafika pogwa ngati akhunyu. Ufa wa koko ndi chokoleti yakuda ndiye zoopsa koposa. Mphesa, zouma kapena zaziwisi, zimapha impso, ndipo palibe mlingo woti munganene kuti uwu ngwabwino. Anyezi ndi adyo zimaswa maselo ofiira a magazi, kaya mwakazinga kaya mwaphika mpaka kusungunuka. Zimenezi sizionekera tsiku lomwelo: pakapita masiku angapo galu amafooka, nkhama zimayera, mkodzo umada, inu n'kumati amulodza aneba. Makademiya a ku Thyolo omwe mumawanyadirawo amamufooketsa miyendo yakumbuyo. Mtanda wosaphika wa yisiti umafufumira m'mimba. Chiponde cha m'botolo werengani kaye: ngati palembedwa xylitol (chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga), bwezani pa shelufu, chimagwetsa shuga wa m'magazi a galu msangamsanga.

Mukufuna kumuphikira? Muphikireni za galu, osati zanu.

Makapu 2 a fulawa, theka la kapu la dzungu lophika ndi kulipota (kapena mbatata ya kholowa), dzira 1, masupuni 3 a chiponde chopanda mchere ndi shuga. Basi. Shuga ayi, mchere ayi, majarini ayi. Galu sadandaula kuti sizikukoma, wodandaula ndinu. Kandani mpaka mtanda uleke kumata m'manja. Ukauma kwambiri donthezani madzi supuni imodzi imodzi. Yalani ndi botolo mpaka ukhale wochindikala theka la sentimita, dulani timabisiketi tofanana ndi chala chachikulu. Uvuni ikhale pa 180°C, mphindi 25 mpaka 30. Kenako zimitsani, siyani mabisiketiwo momwemo mpaka uvuni izizire. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaphula akadali ofewa m'kati, n'kutsekera m'chigubu akadali ofunda, thukuta limadzaza, pakatha masiku ochepa achita nguwi. Bisiketi yabwino imathyoka kuti thyo, siipindika. Wa mbaula achepetse makala pansi pa poto, ambiri aike pa chivindikiro, apo ayi pansi papserera pakati pali paliwisi. Ouma bwino amakhala pafupifupi masabata awiri m'botolo lotseka.

Ndipo musamati poti ndi za galu ndiye nditenge mtedza wofumbwa ndi ufa wonunkha chuku. Galu sapirira chuku, chimamuwononga chiwindi. Mu 2024 ku Zambia agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku. Mtedza wakuda, wonyala, wowawa tayani, kuwotcha mu uvuni sikuchotsa poizoni ameneyu.

Mabisiketi si nkhomaliro. Asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chake cha tsiku. Kagalu kakang'ono kapatseni kabisiketi kamodzi kapena tiwiri, wamkulu atatu kapena anayi. Akayamba kutsegula m'mimba kapena kudzikanda mutangomupatsa, lekani. Ngati wadya kale chokoleti kapena mphesa, musadikire kuti muone, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Thamangani naye kwa dokotala wa ziweto, nenani chimene wadya, kuchuluka kwake ndi nthawi yake.

Ndibwerezenso poti ena mumamva mochedwa: mbale yanu si mbale yake. Keke ya pa ukwati si yake, zotsala za kanyenya zodzaza anyezi si zake, mafupa a nkhuku yophika, amene amasweka n'kubaya matumbo, si ake.

Chondiwawa china, anthu omwewa a makandulo ndi zipewa za pa phwando, afunseni khadi la katemera wa chiwewe. Ziii. Ndalama ya koko ilipo, nthawi yopita naye kukabayitsa palibe. Galu ali ndi nkhupakupa mpaka m'makutu, mankhwala a njoka za m'mimba sanamwepo chibadwire, usiku akungoyendayenda m'makwalala momwe ana athu amadutsa popita kusukulu m'mawa.