Katundu wolandidwa asabwerere kwawo ngati wobwereka

Abale anga, nkhani ya golide wa mafumu a Asante imandiwawabe mumtima. Mu 1874 asilikali a Britain analowa mumzinda wa Kumasi, m'dziko lomwe lero ndi Ghana, n'kufunkha katundu kunyumba ya mfumu. Patatha zaka 150, mu 2024, British Museum ndi Victoria and Albert Museum, nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku London, anatumiza zinthu 32 zachifumu ku Manhyia Palace Museum ya ku Kumasi, zambiri mwa izo zotengedwa pa nkhondo za nthawi imeneyo. Anthu anapita kukaziona, ndipo ine ndinasangalala nawo. Koma zinthuzo zinafika mobwereketsa, kwa zaka zitatu, ndi mwayi wowonjezera zina zitatu. Taganizani, zidzukulu za eni ake kusainira kuti zidzabweza chuma cha makolo awo!

A ku London akuti manja awo ndi omangika, chifukwa lamulo la 1963 limaletsa British Museum kupereka zinthu zomwe ikusunga. Ndikumva. Koma lamulolo analemba ndi anthu, ndipo nyumba ya malamulo ikhoza kulisintha. France inachita zimenezo mu 2020, ndipo chaka chotsatira zinthu 26 zomwe zinalandidwa mumzinda wa Abomey mu 1892 zinabwerera kwawo ku dziko la Benin.

Musandimve molakwa, sindikudana ndi mgwirizano wa nyumba zosungiramo zinthu zakale. Ndimaukonda kwambiri. Mwana yemwe sadzakwerapo ndege ayenera kuona ndi maso ake zomwe manja a anthu akutali anaumba, kusema ndi kujambula. Louvre Abu Dhabi, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku United Arab Emirates yomwe inatsegulidwa mu 2017, imaonetsa zithunzi zobwerekedwa ku France pansi pa denga limodzi ndi zinthu zomwe inagula yokha. Pamenepo palibe mkangano chifukwa mwini wa chilichonse akudziwika. Kungoti njira imeneyo ndi ya a ndalama: dzina lokhalo la Louvre, nyumba yotchuka ya ku Paris, a ku Abu Dhabi analilipira mayuro 400 miliyoni.

Njira yomwe ndikuiona yachilungamo ndi yomwe Germany inatenga mu 2022. Inasainirana ndi Nigeria kuti ziboliboli zamkuwa ndi zosema zina zoposa 1,000, zomwe zinafunkhidwa ku Benin City, mzinda wa ku Nigeria, mu 1897, umwini wake ubwerere ku Nigeria. Zina zinanyamulidwa kupita kwawo chaka chomwecho. Zina zinatsala ku Berlin ndi mizinda ina, anthu akuzionabe, koma tsopano wobwereka ndi Germany. Mashelefu sanakhale opanda kanthu monga ena ankaopera, ndipo akatswiri a mbali zonse ziwiri ali ndi poyambira kugwirira ntchito limodzi popanda wina kugwada.

Ndikufuna pangano la ku Kumasi lilembedwenso motero zaka zitatuzo zisanathe. London ikafuna kudzaonetsanso golide ameneyu, ilembe kalata yopempha kwa mfumu ya Asante, Otumfuo Osei Tutu II.