Chenjezo kwa inu amene mumaitanira anthu kuti akaphe munthu

Ana anga, ndi inu nonse amene mwazolowera kufalitsa uthenga wakuti "wagwidwa, bwerani" musanafunse n'komwe chimene munthuyo walakwa, khalani pansi mumve zimene zinachitika mumzinda wa New Orleans ku America, chifukwa khalidwe lanuli si lachilendo ndipo kumene limathera n'kodziwika.

Usiku wa pa 15 Okutobala 1890, mkulu wa apolisi mumzindawo, David Hennessy, anawomberedwa ndi mfuti akubwerera kunyumba, ndipo anamwalira m'mawa mwake. Mbiri inafala yakuti asanatsirizike ananong'ona mawu onyoza anthu a ku Italy, ndipo mphekesera imeneyo inakwanira kuti apolisi ayambe kugwira Ataliyana mwachisawawa, makamaka ochokera ku chilumba cha Sicily, amene ambiri ankanyamula katundu padoko ndi kugulitsa zipatso. Anthu 19 anaimbidwa mlandu, 9 mwa iwo anazengedwa, ndipo pa 13 Malichi 1891 bwalo linapeza kuti 6 alibe mlandu, pamene pa atatu otsalawo oweruza sanagwirizane chimodzi.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Amene anaitanitsa khamu sanali zidakwa kapena anyamata osowa chochita ayi, koma maloya ndi eni malonda, anthu olemekezeka amene anasainira mayina awo pachilengezo cha m'nyuzipepala za m'mawa wa pa 14 Malichi, chouza anthu kuti abwere okonzeka kuchitapo kanthu. Anthu masauzande anasonkhana pachipilala cha Henry Clay mumsewu wa Canal, loya wina dzina lake William Parkerson anawalankhula mpaka mitima inawira, kenaka khamulo linakathyola chitseko cha ndende mmene oimbidwa mlandu aja, ngakhale opezeka osalakwawo, ankasungidwabe. Woyang'anira ndende analola akaidiwo kuti abisale mmene angathere, koma anafunafunidwa chipinda ndi chipinda. Ambiri anawomberedwa momwemo, wina anapachikidwa pamtengo, wina pachitsulo cha nyale ya mumsewu, khamu likukuwa mokondwera. Anaphedwa anthu 11, ena amene bwalo linali litawamasula dzulo lake, ena amene mlandu wawo unali usanayambe n'komwe. Palibe aliyense wa m'khamulo amene analangidwa, ndipo wopha Hennessy sanapezeke mpaka lero. Dziko la Italy linaitanitsa kazembe wake, boma la America linapepesa mabanja ndi madola 25,000, ndipo mzinda wa New Orleans unadzapepesa poyera mu 2019, ana a ophedwawo atamwalira kalekale.

Anthu akuda ndiwo anazunzika koposa m'zaka zimenezo. Ku Memphis, mzinda wina wa ku America komweko, mu Malichi 1892, Thomas Moss, Calvin McDowell ndi Will Stewart, a golosale yotchedwa People's Grocery imene inkapikisana ndi ya mzungu wina, anatulutsidwa m'ndende usiku n'kuphedwa, ndipo mtolankhani Ida B. Wells atalemba zoona zake za kupha kotereku, khamu linakaphwanya ofesi ya nyuzipepala yake.

Tsono inu mukamati "ine sindinaponye mwala, ndinangotumiza uthenga," mukusiyana pati ndi osainira chilengezo aja? Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma inu mukungomva kwa mnzanu amene naye anangomva, n'kuyamba kale kuitanitsa matayala ndi petulo, ena mutakweza foni m'mwamba kujambula munthu akulira. Simunaiwale za mphekesera ya anamapopa mu 2017, pamene anthu anaphedwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, ena chifukwa chongokhala alendo pamalopo. Ngati mukumukayikira munthu, pitani naye kwa amfumu kapena kupolisi ali wamoyo, ndipo bwalo likamumasula inu simunakhutire, njira yochita apilo ilipo. Uthenga woitanira khamu ukafika pafoni panu, muufute pomwepo, ndipo amene wautumizayo mumufunse pamaso pa onse ngati anaona ndi maso ake.