Kamzere ka pamwamba pa RESET: omasulira m'Chisipanishi asamakapepule

Anzanga a zamagetsi, pali nkhani imene yandikhala pamtima kwa nthawi. Ndi ya mawu awiri achingerezi, active low, ndi mmene amawalembera m'mabuku ndi m'mapepala a Chisipanishi. Ena munena kuti n'zazing'ono. Koma mawu amenewa akamasuliridwa molakwika, wophunzira amalumikiza waya mosemphanitsa, n'kuyamba kudzikayikira yekha pamene wolakwa ndi pepala.

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho. Pa IC, kachipangizo kakang'ono kokhala ndi seketi yonse mkati mwake, pali miyendo imene imachita ntchito yake ikalandira magetsi, ndipo pali ina imene imachita ntchito ikakokeredwa pansi, ku GND, kumene ndi 0V. Yachiwiriyi ndiyo imatchedwa active low. Tengani 555, ka IC ka miyendo 8 kamene Signetics inatulutsa mu 1972. Mwendo 4 ndi RESET. Ukakhala pa 5V, ka IC kakugwira ntchito bwinobwino. Mukaugwetsera ku 0V, zonse zaima. N'chifukwa chake pa zojambula zambiri mwendo 4 umamangidwa pamodzi ndi mwendo 8, umene umalandira magetsi oyendetsa IC yonse. Pa Arduino Uno, kabodi kophunzirira zamagetsi, n'chimodzimodzi: resistor ya 10k imagwira RESET m'mwamba, ndipo kabatani ka RESET mukakadina kamangolumikiza mwendowo ku GND. Zili ngati mlonda amene amakhala dzanja lili m'mwamba zinthu zikakhala bwino, ndiye chizindikiro chake ndi kulitsitsa.

Opanga ma IC sanachite zimenezi pofuna kuzunguza anthu. Ma IC akale a 7400 ankatha kumeza 16 mA akakhala pansi, koma akakhala pamwamba ankatulutsa 0.4 mA yokha. Mphamvu zawo zinali pokokera pansi, ndiye ntchito yofunika inaikidwa pamenepo. Komanso zipangizo zingapo zimatha kugawana waya umodzi, chilichonse n'kumaukokera pansi chikafuna kuyankhula, popanda kuwotchana. Onani Z80 ya Zilog ya mu 1976: MREQ, IORQ, RD, WR, miyendo yonseyi ili ndi kamzere pamwamba pa dzina, chizindikiro choti ndi ya active low.

Tsopano ku Chisipanishi. Njira yachidule imene ambiri amatenga ndi activo bajo, liwu ndi liwu. Amisiri amamva, inde, chifukwa akudziwa kale. Koma kwa munthu amene akuyamba kumene, bajo ameneyo walendewera, sakunena kuti chotsikacho n'chiyani. Ndinaonapo pepala la malangizo a kachipangizo kena litalemba kuti baja actividad, kutanthauza kuti mwendowo umagwira ntchito pang'ono. Zinandipweteka mtima. Mwendo wa RESET sugwira ntchito pang'ono ayi. Umagwira kwathunthu, kungoti umatero magetsi akakhala pansi.

Maganizo anga ndi akuti omasulira azilemba activo a nivel bajo, kapena mwachidule activo en bajo. Zonse ziwiri zilipo kale m'mabuku, palibe chopeka. Kaliwu kakuti a kapena en ndi kamene kanyamula nkhani yonse, chifukwa kakunena nthawi imene mwendowo uli pantchito. Ndipo nivel akuchotsa chikaiko: chotsika ndi mlingo wa magetsi.

Pali ena amene amathawira ku lógica negativa, poganiza kuti n'chimodzimodzi. Zimayandikana koma si mapasa. Mawu akuti lógica negativa amanena za mgwirizano woti magetsi otsika aziimira 1, okwera aziimira 0. Pamene active low akunena za mwendo umodzi ndi khalidwe lake. Tsegulani datasheet (pepala lofotokoza IC) ya 74HC138 muone. Ili ndi miyendo itatu yoitsegulira: umodzi umafuna magetsi okwera, iwiri imafuna otsika. IC imodzi yomweyo. Ndiye muitcha chiyani?

Choopsa kuposa apa ndi kusokoneza ndi flanco de bajada. Ameneyu ndi kamphindi kamene magetsi akugwa kuchokera pamwamba kupita pansi, osati nthawi yonse imene ali pansi. Pa 74HC112 zonse ziwiri zilipo: mwendo wa clock umamva kugwako kokha, pamene set ndi reset zimagwira nthawi yonse imene mwazigwirira pansi. Womasulira akasakaniza ziwirizi, wophunzira akhala usiku wonse ndi mita m'manja, kufunafuna vuto limene palibe pa bodi.

Koma liwu limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi assert. Wolemba datasheet akati assert CS (CS ndi mwendo wosankhira chipangizo choyankhula nacho), akutanthauza kuti uike mwendowo pantchito, ndipo pa SPI, njira imodzi imene zipangizo zimatumizirana uthenga, nthawi zambiri kumeneko ndi kuukokera pansi. Womasulira wosadziwa amaona ngati ndi kukweza, n'kulemba poner en alto. Watembenuza chiganizo chonse. Khadi la SD lingokhala chete, chifukwa kwa ilo magetsi okwera pa CS akutanthauza kuti sakuyankhula ndi iwe. Ena amalemba afirmar, limene ndi lolondola m'dikishonale koma pa benchi silinena kanthu. Activar ndi desactivar akukwanira, bola chiganizo chinene kuti kuyatsako kuli pa mlingo uti.

Muone mmene zimathera m'manja mwa munthu. Timabodi ta relay (swichi yoyendetsedwa ndi magetsi) tabuluu timene timagulitsidwa paliponse, tambiri timayaka mwendo wa IN ukakhala pansi. Wophunzira walumikiza pampu ya madzi, walemba pulogalamu yake, akuyembekeza kuti HIGH ayatsa. Akungoyatsa Arduino, relay ija thwa, ka LED kayaka, pampu yayamba kukoka iye asanalamule. Akatumiza HIGH, yazima. Pa benchi zimangodabwitsa. Koma ikakhala hita kapena mota imene munthu waigwira, si zoseketsa.

Ndikudziwa kuti ena a inu munena kuti angowasiya mawuwo m'Chingerezi, nkhani ithe. Pa mayina a miyendo ndikugwirizana nanu kwathunthu. OE akhale OE, CS akhale CS, chifukwa ndi zimene zadindidwa pa bodi. Koma kufotokoza kwake ayi. Anthu oposa 400 miliyoni anabadwa akuyankhula Chisipanishi. Mtsikana wa ku Bogotá kapena mnyamata wa ku Sevilla ali ndi ufulu womva m'chiyankhulo chake chifukwa chimene mwendo 4 ukumangidwira ku mwendo 8. Abale athu a ku Tete amene amawerenga Chipwitikizi amakumana ndi ativo em nível baixo, ndipo amamva bwino lomwe. Ntchitoyi ndi yotheka. Chofunika ndi kuti woigwirayo akhale woti anagwirapo mita, kapena afunse amene anagwirapo.

Ndiye pali kamzere kaja. Mukakopera mawu kuchoka mu PDF kupita kwina, kamzere ka pamwamba pa RESET nthawi zambiri kamatsalira m'mbuyo. Palibe chenjezo, kangosowa basi. Womasulira amene sadziwa ntchito yake saona n'komwe kuti chinachake chatayika. Amisiri anapeza kale njira zolembera popanda kamzereko: /OE, OE#, nOE, OE_N. Pa PCI analemba FRAME# ndi IRDY#, pa STM32 mwendo wake ndi NRST. Womasulira asankhepo imodzi, ainene pa tsamba loyamba, aigwiritse ntchito mpaka kumapeto. Ndipo asanapereke ntchito, abwerere ku tebulo la H ndi L (magetsi okwera ndi otsika) la mu datasheet yoyambirira, ayerekeze mwendo ndi mwendo ndi zimene walemba.

Inu amene mumaphunzitsa kapena kuwerenga mabuku a Chisipanishi, mumakumana ndi liti kwambiri, activo en bajo kapena activo a nivel bajo? Ndikufuna ndimve makamaka kwa amene mwaonapo ophunzira akusokonezeka ndi limodzi mwa awiriwa.