Si umbuli ayi, pali amene akuwalipira

Ndatopa nazo zomva anthu akunena kuti andale a ku America amene amakana za kusintha kwa nyengo ndi mbuli. Mbuli ukaifotokozera bwinobwino imamva. Awawa akhala akuuzidwa kwa zaka zoposa 40 ndi akatswiri a dziko lawo lomwe, koma sasunthika. Ine ndimati akudziwa bwino lomwe. Kungoti mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo chingwe cha awawa chili m'manja mwa makampani a mafuta, gasi ndi malasha.

Mu February 2015, seneta wa ku Oklahoma wa chipani cha Republican, malemu Jim Inhofe, analowa m'nyumba ya malamulo ya Senate ku Washington atanyamula kajumbo. Pakati pa zolankhula zake anatulutsamo mpira wa chipale chofewa, nauza anzake kuti taonani kunjaku kukuzizira kwambiri, kenako n'kuuponya. Umboni wake unali womwewo basi. Apo n'kuti asayansi atangolengeza kumene kuti chaka cha 2014 chinatentha kuposa zaka zonse zam'mbuyo chiyambire kulemba. Anthu anaseka pa intaneti, koma bamboyu sanali munthu wamba. Anali wapampando wa komiti ya Senate yoona za chilengedwe, ndipo makampani a mafuta ndi gasi anali m'gulu la amene ankathira ndalama zambiri m'makampeni ake.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya Exxon, kampani yaikulu ya mafuta ya ku America yomwe pano imatchedwa ExxonMobil. Mu 1977, wasayansi wa kampaniyo, James Black, anauza mabwana ake maso ndi maso kuti kuwotcha mafuta kukuchulukitsa mpweya wa carbon dioxide m'mlengalenga ndipo dziko litentha. Mabwanawo sanamuthamangitse. Anaika ndalama pa kafukufuku, mpaka anamangirira zipangizo zoyezera mpweyawo pa sitima yawo yaikulu yonyamula mafuta, Esso Atlantic. Akatswiri awo anajambula mizere yoonetsa mmene kutentha kudzakwerere m'tsogolo. Mu 2023, ofufuza ena anatenga mizere yakaleyo n'kuiyerekeza ndi zimene zachitikadi, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Science. Anapeza kuti anyamata a Exxon analasa: analosera kuti kutentha kuzikwera ndi pafupifupi madigiri 0.2 pa zaka 10 zilizonse, ndipo n'zimene zachitika. Ndiye tisamanamizane kuti sankadziwa.

Atadziwa anatani? Mu 1989 makampani a mafuta, malasha ndi magalimoto anakhazikitsa bungwe la Global Climate Coalition, dzina lokoma ngati la anthu odzala mitengo, koma ntchito yake inali kutsekereza malamulo ochepetsa utsi. Mu 1998 kunatuluka chikalata cha gulu lomwe linkakumana pansi pa American Petroleum Institute, bungwe la makampani a mafuta ndi gasi, chonena kuti adzakhala atapambana pamene munthu wamba adzayambe kuona kuti sayansi ya nyengo ndi yokayikitsa. Sankafuna kuwina mkangano ndi asayansi. Ankangofuna kuti wovota azinena kuti "aaa, akatswiriwo sakugwirizana", phungu apeze pobisala.

Ndipo musamati ndi matenda a chipani cha Republican chokha. Mu 1997, mgwirizano wa Kyoto wochepetsa utsi usanasainidwe n'komwe, Senate inavota 95 kwa 0 kuti America isalowe m'pangano lililonse lomwe lingapweteke chuma chake kapena losamanga mayiko omwe akutukuka kumene. Zipani zonse ziwiri zinakweza manja.

Amene akukayikabe akafufuze kanema wa Keith McCoy wa mu 2021. Bamboyu ntchito yake inali yonyengerera aphungu m'malo mwa ExxonMobil. Anthu a Greenpeace, bungwe lomenyera chilengedwe, anamuimbira akunamizira kuti akufuna kumulemba ntchito, iye n'kumasuka pa kamera. Anavomera kuti kampaniyo inalimbana ndi sayansi ndiponso inalowa m'timagulu tobisika. Ananena kuti zoti Exxon imavomereza msonkho wa utsi n'zongolankhula, chifukwa akudziwa kuti lamulo lotere silingadutse. Anatchulanso maseneta amene amawadalira, makamaka Joe Manchin wa chipani cha Democratic, amene anati amalankhula ndi ofesi yake sabata iliyonse. Mkulu wa kampaniyo anapepesa n'kunena kuti zimenezo si maganizo awo. Chabwino. Koma Manchin yemweyo, amene chuma chake chinachokera ku bizinesi yogulitsa malasha ku West Virginia, mu December chaka chomwecho anapha bilu yaikulu ya pulezidenti wa nthawiyo, Joe Biden, yomwe munali ndalama zambiri zolimbana ndi kusintha kwa nyengo. Mu 2022 anavomera ina yocheperapo, atakakamira kuti boma lipitirize kupereka malo okumba mafuta ndi gasi.

Zonsezi n'zololedwa ndi malamulo, apa ndiye pamene mutu umaima. Kuno kwathu munthu wabizinesi akapezeka akupatsa phungu envelopu kuti bilu igwe, timayembekezera kuti a ACB amugogodera. Kumeneko, chichokereni chigamulo cha khoti lalikulu pa mlandu wa Citizens United mu 2010, makampani akhoza kumwaza ndalama zopanda malire pothandiza kapena kugwetsa wandale, bola asamupatse m'manja. Mu April 2024, malinga ndi nyuzipepala ya Washington Post, Donald Trump anaitana mabwana a mafuta kunyumba kwake ku Mar-a-Lago n'kuwapempha kuti asonkhe madola 1 biliyoni a kampeni, akuwalonjeza kuti adzafafaniza malamulo a chilengedwe a Biden. Tsiku lomwe analumbira kukhalanso pulezidenti mu January 2025 anasaina zotulutsanso America m'pangano la Paris lolimbana ndi kusintha kwa nyengo. Unduna wa zamphamvu anaupereka kwa Chris Wright, yemwe anali mkulu wa kampani yothandiza kukumba mafuta ndi gasi. Ulendo woyamba Trump ali pulezidenti, mu 2017, nduna yoona za kunja inali Rex Tillerson, wochokera pampando waukulu wa ExxonMobil.

Wina andifunsa kuti nanga ife zikutikhudza bwanji, popeza tili ndi mavuto athu. Funsani anthu a ku Chilobwe. Mu March 2023 namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba anthu ali momo, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chaka cham'mbuyo mwake namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, tinakhala mumdima miyezi yambirimbiri. Mu 2024 kunabwera ng'amba, boma n'kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Sindikunena kuti namondwe aliyense anapangidwa ku Texas, kumene kuli likulu la ExxonMobil. Anamondwe analipo kalekale. Koma nyanja ikatentha, mpweya umanyamula chinyezi chochuluka, mvula yake imagwa yoopsa, ndipo asayansi amene anafufuza za Ana anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvulayo.

Ndikudziwa yankho lomwe likubwera: "Inu mumadula mitengo, mumawotcha makala." N'zoona, phiri la Soche tinalimeta tokha, ndipo mlandu umenewo ndi wathu. Nanenso ndimaima pamzere wa petulo ngati wina aliyense, sindikuti mapampu atsekedwe mawa. Koma mbaula za ku Ndirande si zimene zatenthetsa nyanja ya Indian. Africa yense amatulutsa utsi wosafika 4 pa 100 aliwonse a dziko lapansi pachaka, pamene America ndi dziko lomwe latulutsa wochuluka kuposa lina lililonse chiyambire mafakitale.

Pamsonkhano wa COP28 ku Dubai mu 2023, mayiko anayamba kusonkha thumba lothandiza mayiko osauka amene awonongekeredwa ndi nyengo, ngati ifeyo. America inalonjeza madola 17.5 miliyoni. Chaka cha 2022 chokha, ExxonMobil inapeza phindu la madola oposa 55 biliyoni. Mu March 2025 boma la Trump linatuluka ngakhale m'komiti yoyendetsa thumbalo.