Ngwazi ya nkhondo ya 1808 si wa pachitsa yekha

Anthu a ku Norway akamakamba za nkhondo ya ku Trangen, dzina limene limatuluka msanga ndi la Nicolay Peter Dreyer, kaputeni wa asilikali a Norway. Pa 25 Epulo 1808 asilikali a Sweden pafupifupi 500, motsogozedwa ndi Carl Pontus Gahn, adadumpha malire n'kupanikizidwa pampata wina kufupi ndi mtsinje wa Flisa. Kutsogolo njira idatsekedwa, kumbuyo kudali anyamata a Norway otsogozedwa ndi Bernhard Ditlef von Staffeldt. Dreyer adakwera pachitsa n'kumawombera, anzake akumupatsira mifuti yoika kale zipolopolo, mpaka adalasidwa koopsa, ndipo adamwalira patangopita masiku ochepa. Ambiri a Sweden adagwidwa, Gahn yemwe.

Kulimba mtima kumeneko sindikukana. Koma ine amene ndimamuvulira chipewa ndi mkulu wa asilikali akummwera kwa Norway, Christian August.

Taganizani. Nkhondoyi sidayambire m'midzi ya m'malire. Idachokera ku Copenhagen, chifukwa Denmark, imene inkalamulira Norway, idali mbali ya Napoleon, pamene Sweden idali mbali ya Britain. Zombo za Britain zidatseka nyanja, tirigu osafika, mabanja n'kumasakaniza makungwa a mitengo mu ufa kuti ana alawe kanthu. M'misasa kamwazi ndi matenda ena adapha asilikali ambiri kuposa zipolopolo. Zimandiwawa kuti awa sakumbukika monga akumbukidwira Dreyer.

Mfumu ya Denmark, Frederik VI, inkamukakamiza Christian August kuti alowe m'Sweden. Iye ankaona anthu ake opanda chakudya ndi zovala zokwanira, n'kumazengereza. Mu Disembala 1808 adagwirizana ndi adani kuti mfuti zikhale chete. Mu Malichi 1809, mtsogoleri wa asilikali a Sweden Georg Adlersparre atachotsa asilikali ake m'malire kupita nawo ku Stockholm kukagwetsa mfumu yawo Gustav IV Adolf, khomo lidali pululu, koma iye sadalowe.

Ena amati ankadzikonzera njira, poti chaka chomwecho a Sweden adamusankha kukhala wodzalowa ufumu wawo. Kaya mumtima mudali zotani, anyamata amene akadakafera m'nkhalango za Värmland ku Sweden adabwerera kwawo amoyo, ndipo kwa ine zimenezo n'zazikulu. Mtendere udasainidwa ku Jönköping pa 10 Disembala 1809, malire osasuntha ngakhale phazi limodzi. Ndiye akadamvera mfumu, anthuwo akadafera chiyani?